Maswiti a Kunyumba: Mtedza Uchuluke, Shuga Achepe

Pachipata cha pafupifupi sukulu iliyonse ya pulayimale pamakhala kabenchi, ndipo pakabenchipo sipalephera kukhala botolo la maswiti ofiira, obiriwira ndi achikasu. Kholo likhoza kuletsa m'mawa uliwonse, koma mwana akapeza kandalama amadziwa kolowera. Kukonda zotsekemera n'kobadwa nako, pakuti ngakhale mkaka wa m'mawere umene khanda limayamba kulawa ndi wotsekemera. N'chifukwa chake mabanja ambiri amafunsa ngati sikungakhale bwino kumangowapangira anawo maswiti kunyumba.

N'kwabwinodi, koma tisadzinamize. Shuga wosungunulira pa mbaula yanu ndi yemweyo amene amasungunula ku fakitale, ndipo dzino la mwana silisiyanitsa. Ubwino wopangira kunyumba ndi wakuti zinthu zitatu zimabwerera m'manja mwanu. Ndinu amene mumasankha mtedza, ndinu amene mumayeza shuga, ndipo ndinu amene mumanena nthawi yodyera. Mukagwira bwino zitatuzi, switi imasanduka mtedza womatidwa ndi shuga pang'ono. Mukazilekerera, mwangosamutsira kabenchi kaja m'khitchini mwanu.

Muyezo wa shuga

M'chaka cha 2015, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wochita kuthira asafike magawo 10 pa magawo 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya za tsiku limodzi. Kwa munthu wamkulu, amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masipuni a tiyi 12. Bungweli linawonjeza kuti kutsika mpaka magalamu 25, omwe ndi masipuni 6, n'kopindulitsa koposa. Mwana wamng'ono, poti amadya zochepa, muyezo wake ndi wotsikirapo. M'chiwerengerochi mulinso uchi ndi madzi ofinya ku zipatso. Shuga wa bulawuni nayenso ndi shuga, kuderako kusakupusitseni.

Masipuni 6 sachedwa kukwana. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi limakhala ndi masipuni pafupifupi 8. Onjezanipo wa m'phala la m'mawa ndi maswiti atatu a pakabenchi, mupeza kuti mwana wadutsa muyezo dzuwa lisanafike paliwombo. Zotsatira zoyamba zimaonekera m'kamwa. Tizilombo tokhala pa mano timadya shugayo n'kutulutsa asidi amene amakokolola chikuto cholimba cha dzino. Zina zimabwera mochedwa, monga kunenepa kopitirira muyezo, kumene kumatsegulira khomo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Kwa ife a Adventist chenjezoli si lachilendo. M'buku la The Ministry of Healing, lomwe linatuluka mu 1905, Mayi Ellen G. White anadandaula kuti anthu amathira shuga wochuluka kwambiri m'zakudya, ndipo anachenjeza makamaka za kuphatikiza mkaka ndi shuga wambiri. M'buku lomwelo anayamikira mtedza monga chakudya cholowa m'malo mwa nyama, koma anati nawonso usachulukitse. Maphikidwe onse ali m'munsimu atsatira malangizo awiriwa.

Chifukwa chake mtedza uyenera kutsogola

Mtedza ndi chakudya chenicheni. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka ndi mafuta, ambiri mwa iwo a mtundu wosavulaza mtima. Dokotala John Harvey Kellogg, amene ankayang'anira chipatala cha Battle Creek Sanitarium ku America, anapempha boma mu 1895 kuti limulembere umwini wa njira yake yogayira mtedza kukhala phala lopaka, pofuna kupezera odwala ake chakudya chosavuta kutafuna. Kwathu kuno mtondo ndi munsi zinali zikusinja kale nsinjiro ndi chiponde.

Mu 1992, akatswiri a pa yunivesite ya Loma Linda ku California anafalitsa zimene anapeza atatsatira a Adventist oposa 31,000 kwa zaka zingapo. Amene ankadya mtedza wa mitundu yosiyanasiyana kasanu kapena kupitirira pa sabata anali ndi chiopsezo cha matenda otseka mitsempha ya mtima chochepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi amene sankaudya ngakhale kamodzi pa sabata. Tizikumbukira kuti kafukufukuyu ankanena za mtedza, sankanena za maswiti. Shuga akachuluka, phindu lija limaphimbika.

Mtedza tili nawo wambiri. Mchinji, Lilongwe, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi ndi ena mwa maboma amene amaulima kwambiri. Chalimbana, wa maso akuluakulu uja, amakoma pokazinga ndipo amaoneka bwino m'switi. CG7, wofiira uja, ali ndi mafuta ambiri, choncho amapanga chiponde chofewa. Chitowe, nthanga za maungu ndi za mpendadzuwa nazo zimalowa bwino m'maswiti, ndipo amene ali kufupi ndi minda ya ku Thyolo akhoza kupeza makadamiya.

Ntchito imayambira pa lichero

Choopsa chachikulu m'maswiti a mtedza sichioneka ndi maso nthawi zonse. Mtedza ukapanda kuuma bwino, kapena ukasungidwa pachinyontho, umachita chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya chosakaniza ndi mtedza wa chuku. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga choipitsidwa ndi poizoni yemweyu. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akatswiri amamuganizira kuti amathandizira kupinimbira kwa ana.

Moto wa pachiwaya suthetsa poizoniyu. Kukazinga kumamuchepetsa pang'ono chabe, ndipo shuga amangobisa kuwawa kumene kukanakuchenjezani. Chitetezo chenicheni ndi kusankha. Yalani mtedza pa lichero panja powala, muchotse uliwonse wonyala, wosweka, wofumbwa, wakuda kapena wosintha mtundu. Mukakazinga ndi kuchotsa timakoko tofiira tija, sankhaninso kachiwiri, chifukwa mawanga ena amaonekera pokhapokha diso la mtedza likavulidwa. Poizoni wambiri amakhala m'maso ochepa owonongekawo, moti pano mwambi uja wa nsomba, wakuti ikaola imodzi zaola zonse, ndi woona ndithu. Mtedza wosankhidwawo musasinjire ana nsinjiro, ndipo musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka. Ukwirireni.

Pogula, ndi bwino kutenga wosasenda n'kukasenda nokha. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda chimabwezera chinyontho mu mtedza wouma kale, ndipo chuku chimayambira pomwepo.

Mmene shuga amasinthira pamoto

Maswiti onse ophika amachokera pa chinthu chimodzi, shuga wosungunuka m'madzi amene akuwira. Madzi akamauluka, manyuchiwo amalimba ndipo amatentha kuposa madzi owira. Pa madigiri 112 mpaka 116 amapanga switi yofewa yosungunuka m'kamwa. Pa madigiri 118 mpaka 120 amapanga tofi wotafuna. Pa madigiri 149 mpaka 154 amapanga switi yolimba yothyoka ngati galasi. Akadutsa 160 shuga amayamba kufiirira ndi kununkhira, ndipo ameneyu ndiye kalamelo. Mukachedwa pang'ono amada n'kuyamba kuwawa.

Simufunika chipangizo choyezera kutentha. Ikani pambali kapu ya madzi ozizira, muzidonthezeramo manyuchi pang'ono ndi sipuni. Akamasungunuka m'madzimo, sanapse. Akaundana kukhala kampira kofewa kophwanyika ndi zala, afika pa switi yofewa. Kampirako kakamalimba koma n'kumapindika, ndi tofi. Akapanga timaulusi tothyoka kuti thyo, afika pa switi yolimba. Njira ya madzi ozizirayi ili ndi ubwino wina. Manambala a m'mabuku ndi a malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, pamene kumalo okwera madzi amawira msanga, digiri imodzi kutsika pa mamita 300 alionse. Ku Lilongwe, kumene n'kokwera mamita opitirira pang'ono 1,000, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, ndipo ku Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo. Kapu ya madzi imanena zoona kulikonse, ku Nsanje ngakhale ku Mzuzu.

Vuto limene limagwetsa ambiri mphwayi ndi lakuti manyuchi amabwerera kukhala mchenga. Kambewu kamodzi ka shuga kosasungunuka kakagweramo, kamakopa anzake onse kuti aumenso. Takasani pokhapokha shuga asanayambe kuwira, kenaka chotsani mthiko. Sipuni ya tiyi imodzi ya madzi a mandimu imathandiza kwambiri, chifukwa asidi wake amagawa gawo lina la shuga kukhala mitundu iwiri imene siundana msanga.

Manyuchi a madigiri 150 amawotcha kuposa madzi owira, ndiponso amakakamira pakhungu. Mbaula ikhale pamalo osapendekeka, ana akhale kutali, ndipo mwana asakhale kumsana. Pawiripawiri sipauzirika, choncho ndiwo zidikire kaye. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala likakhala lalikulu, kapena likakhala kumaso kapena m'manja mwa mwana, pitani kuchipatala.

Switi yolimba ya mtedza

Mufunika makapu atatu a mtedza wokazinga wochotsa timakoko, kapu imodzi ya shuga, kota ya kapu ya madzi, sipuni ya tiyi imodzi ya madzi a mandimu ndi kamchere kotsina ndi zala. Mtedzawo uphwanyeni pang'ono kuti maso agawike pakati. Pakani mafuta pang'ono pa thireyi ya chitsulo ndi pa botolo loyera lagalasi, muziike pafupi musanayatse moto.

Ikani shuga, madzi, mandimu ndi mchere mu poto wokhuthala pansi. Takasani pa moto wapakatikati mpaka shuga asungunuke, kenaka asiyeni awire okha. Akayamba kuoneka ngati uchi, yesani m'madzi ozizira. Akathyoka, phulani nthawi yomweyo, thirani mtedza wonse ukadali wofunda, takasani mwachangu, khuthulirani pa thireyi n'kupsinja ndi botolo lija mpaka kukhuthala kwake kucheperepo pa chala chaching'ono. Dulani ndi mpeni wopaka mafuta zisanazizire. Mtedza wozizira umaumitsa manyuchi musanamalize kutakasa, ndiye ufunditseni pachiwaya ngati munakazinga kale.

Maphikidwe ambiri amathira soda kuti switi ifufume. Mabanja ambiri a Adventist amapewa soda, ndipo pano safunika, chifukwa mtedza wochulukawo ndi umene umachititsa kuti switi isavute kuluma. Taonani masamu ake. Kapu ya shuga ndi magalamu pafupifupi 200. Mukadula zidutswa 40, chilichonse chili ndi magalamu 5, kungoposa pang'ono sipuni ya tiyi imodzi, ndipo zotsalazo ndi mtedza. Switi yolimba ya pakabenchi ndi shuga pafupifupi yonse, kuphatikizapo utoto ndi fungo lochita kupanga.

Tofi ndi kalamelo

Tofi wa masiku onse ndi shuga, mkaka ndi batala zophikidwa pamodzi, kusakaniza komwe kuja tinachenjezedwa. Ndiyenso amene amakakamira m'mano nthawi yaitali. Chiponde chikhoza kugwira ntchito ya batala. Wiritsani kapu imodzi ya shuga ndi theka la kapu ya mkaka wa soya mu poto wamkulu, pakuti zimafufuma. Pano muzitakasa modekha kuti zisapserere pansi. Zikafika pa kampira kofewa, phulani, thirani kapu imodzi ya chiponde chopanda shuga, kapu imodzi ya mtedza wophwanya ndi kamchere. Takasani mpaka ziyambe kulimba ndi kusiya kunyezimira, khuthulirani m'mbale yopaka mafuta, ndipo zikazizira dulani zidutswa 36. Mukafuna fungo la kalamelo, yambani mwafiiritsa masipuni akuluakulu awiri a shugayo paokha mu poto wouma, kenaka muthire mkaka wofunda pang'onopang'ono mutatalikitsa nkhope, chifukwa umathovoka mwamphamvu.

Palinso kalamelo wosaphika. Vikani kapu imodzi ya zipatso za kanjedza zochotsa nthanga m'madzi otentha kwa mphindi 10, tsanulani madziwo, sinjani mu mtondo pamodzi ndi masipuni akuluakulu awiri a chiponde ndi kamchere. Umbani timipira n'kutigubuduza mu chitowe chokazinga. Zipatsozi zimakwera mtengo, choncho nthochi zakupsa kwambiri zodula ndi kuyanika padzuwa, zofunditsidwa ndi kansalu koyera poteteza ntchentche, zikhoza kulowa m'malo mwake. Zipatso zouma zimabwera ndi zakudya zina zofunika m'thupi, komabe nazo zimamata m'mano, ndiye mswachi usaiwalike.

Nanga chokoleti?

Chokoleti chimachokera ku nthanga za mtengo wa koko, umene kwawo ndi ku America wapakati ndi wakumwera. Anthu a mitundu ya Maya ndi Aztec ankachimwa ngati chakumwa chowawa. Mu 1828 banja la Van Houten ku Netherlands linapeza njira yofinya mafuta m'nthangazo n'kutsala ndi ufa wa koko, ndipo mu 1847 kampani ya Fry ku Bristol inapanga chokoleti cholimba chodya. Lero pafupifupi theka la koko wa padziko lonse amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, ndipo pafupi nafe amalimidwa ku Kyela m'dziko la Tanzania, kungowoloka mtsinje wa Songwe.

Koko ali ndi theobromine, chinthu chogalamutsa thupi, komanso kafeini pang'ono. Sipuni yaikulu ya ufa wa koko ili ndi mamiligalamu pafupifupi 12 a kafeini, pamene kapu ya khofi ili ndi pafupifupi 95. Pa nkhaniyi mabanja a Adventist amasiyana. Ena amagwiritsa ntchito koko mwa apo ndi apo, ena amamupeweratu. Opewawo kuyambira kale amagwiritsa ntchito ufa wa carob, wochokera ku makoko a mtengo womera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Akatswiri ambiri a Baibulo amati makoko amenewa ndi amene mwana wolowerera uja analakalaka kudya pa Luka 15. Carob alibe kafeini kapena theobromine, ndipo pafupifupi theka la ufa wake ndi shuga wachilengedwe, choncho mukamugwiritsa ntchito chepetsani uchi. Kuno sapezeka wamba, koma mwayi ukapezeka wa wachibale wochokera ku Johannesburg, paketi imodzi imakhalitsa.

Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34. N'chifukwa chake chokoleti chimasungunuka m'kamwa, ndiponso n'chifukwa chake mu Okutobala chimasungunukira m'thumba. Kwa banja lopanda firiji, timipira tosaphika ndiye tothandiza. Sakanizani kapu imodzi ya chiponde, masipuni akuluakulu atatu a ufa wa koko kapena carob, masipuni akuluakulu atatu a uchi ndi theka la kapu ya nsinjiro za mtedza wokazinga. Kandani mpaka zigwirane, umbani timipira 24, tigubuduzeni mu nsinjiro zotsala. Kampira kalikonse kali ndi uchi wosakwana theka la sipuni ya tiyi. Ngati mulibe koko kapena carob, ikani ufa wa malambe wosefa bwino. Sizikoma ngati chokoleti, zimakoma mwa mtundu wake, kowawasa pang'ono, ndipo malambe ali ndi vitamini C wambiri.

Mukafuna kuviika mtedza mu chokoleti chogula, chiduleni tizidutswa, muchiike m'mbale youma pamwamba pa poto wa madzi otentha amene mwaphula kale. Dontho limodzi la madzi likagweramo, chokoleti chonse chimaundana kukhala chibuluma. Moto wachindunji nawo umachipsereza.

Adye ndani, ndipo liti

Khanda losakwana chaka lisalawe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato, ndipo timayambitsa matenda ofooketsa thupi lonse. Ana osakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu kapena switi yolimba, pakuti zikhoza kuwatsamwa. Iwowa apatseni kachidutswa kofewa ka chiponde, atakhala pansi, inu mukuona. Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza. Mwana akatupa milomo kapena maso, akatuluka zidzolo, akasanza kapena akayamba kubanika atangodya, thamangirani naye kuchipatala osadikira. Mukamagawira ana a eni ku kalabu ya Adventurer kapena ku msonkhano wa misasa, yambani mwafunsa makolo awo. Wodwala matenda a shuga atsatire zimene adokotala anamuuza, ndipo kwa iye mtedza wokazinga wopanda kanthu ndiye wabwino.

Nthawi yodyera ndi yofunika ngati muyezo womwe. Mano amavulala kwambiri ndi kubwerezabwereza, chifukwa nthawi iliyonse shuga akalowa m'kamwa asidi uja amayambiranso ntchito. Maswiti asanu odyedwa imodziimodzi tsiku lonse amawononga kuposa kachidutswa kamodzi kodyedwa pamapeto pa nsima. Choncho switi ikhale mbali ya chakudya, iperekedwe patebulo onse atakhuta, kamodzi kapena kawiri pa sabata, kachidutswa kamodzi kapena tiwiri. Izi zikugwirizana ndi chizolowezi chathu chakale chosadya pakati pa zakudya. Akatha kudya achukuche m'kamwa ndi madzi, ndipo asagone asanatsuke mano.

Shuga wophika amakoka chinyontho cha mumpweya, moti nthawi ya dzinja switi yolimba yosiyidwa poyera imanyowa n'kuyamba kumata tsiku lomwelo. Isungeni m'botolo louma lotseka bwino, ndipo ikhoza kukhala masabata awiri. Tofi wa chiponde ndi timipira tosaphika tidyedwe m'masiku atatu kapena anayi ngati mulibe firiji. Botololo likhale pamalo amene mwana sangafikire yekha.

Mabanja ambiri amaona kuti tsiku labwino lopangira ndi Lachinayi madzulo kapena Lachisanu m'mawa, ntchito zokonzekera Sabata zisanachuluke. Ana okulirapo asende ndi kusankha mtedza, aang'ono aumbe timipira, ndipo wamkulu yekha ndiye ayandikire poto wa manyuchi. M'mera mpoyamba. Mwana amene wakhala pa lichero n'kuphunzira kuzindikira diso la mtedza loola, amene waona ndi maso ake kuti kapu imodzi ya shuga yakwanira banja lonse masabata awiri, amakula akudziwa muyezo, ndipo adzautenga popita kumene inu simudzakhalako.